Tiyopa za ku Palma, koma cikwanje cili pa stesheni

Nthawi iliyonse kukamveka mbiri ya nkhondo ku Cabo Delgado, mafoni athu amadzala. Wina atumiza kavidiyo kosaoneka bwino, wina atumiza mau ojambulidwa a munthu wosachula dzina, akamba kuti zigawenga zaoloka malire, musatuluke usiku, tumizani kwa onse amene mumakonda. Pofika m'mawa gulu lonse la banja lamva, amai a ku chalichi ayamba kale mapemphero, ndipo mu minibasi ya ku Matero nkhani ndi yomweyo. Mantha amenewa sitiwaseka, cifukwa zimene zacitika kumpoto kwa Mozambique n'zoopsa zoona. Koma ciwawa cimene cagulula anthu mano ndi kuwaika m'manda muno mu Zambia kwa zaka zonsezi sicinaoloke malire alionse. Cinabadwira m'makomboni mwathu, cimavala tisheti ya cipani, ndipo ambiri a ife tingachule dzina la amene amacitsogolera m'dera lathu.

Za kutalizo tiyenera kuzidziwa bwino kuposa mmene WhatsApp imatiuzira. Pa 5 October 2017, anyamata onyamula mfuti ndi zikwanje anaukira apolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia. Anthu akumeneko anawacha al-Shabaab, ngakhale si gulu limodzi ndi lija la ku Somalia. Mu March 2021 analowa m'tauni ya Palma, pafupi ndi pamene kampani ya ku France ya Total inali kumanga nchito yaikulu ya gasi, ndipo mwezi wotsatira kampaniyo inaimitsa zonse. Anthu masauzande afa, ndipo amene anathawapo m'nyumba zao apitirira 1 miliyoni. Mu July 2021 kunafika asilikali a Rwanda, kenako a SADC, ndipo Zambia nayo inatumizako anthu ake. Koma tengani mapu muone. Cabo Delgado ili kugombe la nyanja ya mcere, kumalire ndi Tanzania. Malire athu ndi Mozambique ali ku Tete. Kuti munthu acoke ku Palma afike ku Chipata afunika kudutsa cigawo conse ca Niassa, nyanja, ndi Malawi. Asilikali ndi a zolowa ndi kutuluka akhale maso, ndiyo nchito yao. Ife tili ndi nchito ina pafupi.

Funsani agogo za masiku a cipani cimodzi. Adzakuuzani za anyamata a UNIP amene anali kuima pa geti ya msika kufunsa khadi ya cipani, ndipo wouma mutu anali kunyamulidwa m'mwamba, cimene anali kuchula kuti By Air. MMD itabwera mu 1991 anyamata anasintha mtundu wa tisheti, nchito inakhala yomweyo, ndipo amene akumbukira masankho apadera a ku Mufumbwe mu 2010 adziwa mmene magazi anakhetsedwera kumeneko. Mu July 2016 mtsikana wa UPND, Mapenzi Chibulo, anaomberedwa mu Lusaka pamene apolisi anali kubalalitsa anthu opita ku msonkhano ku Chawama, ndipo ECZ inaimitsa kampeni mu Lusaka ndi ku Namwala kwa masiku 10. Mu October 2019 Lawrence Banda anaomberedwa ku Kaoma, pa masankho a wapampando wa khonsolo cabe. Pa 23 December 2020, pafupi ndi likulu la apolisi, kunafa Joseph Kaunda wa UPND pamodzi ndi Nsama Nsama, loya wa boma amene sanali ngakhale m'gululo. Kumapeto kwa July 2021 anyamata awiri a PF anaphedwa ku Kanyama, ndipo a Edgar Lungu anatulutsa asilikali m'misewu. Pa tsiku la voti, 12 August, wapampando wa PF ku cigawo ca kumpoto cakumadzulo, a Jackson Kungo, anaphedwa ndi gulu la anthu ku Solwezi. Maliro awa anagwera zipani zonse ziwiri. Palibe ngakhale amodzi amene anabwera ndi mlendo wocokera kunja.

Amenewa ndi amene maina ao anafika m'nyuzipepala. Pansi pao pali anthu ambiri amene sanafe, koma anasiya. Ndipo apa ndi pamene tifuna tikhalitse, pa munthu amene timamuiwala tikamakamba za citetezo ca andale: khansala.

Mu November 2025 ku msika wa Chiwempala ku Chingola, miyala inaponyedwa pamene a Hakainde Hichilema anali kulankhula, ndipo owalonda anawacotsapo mwamsanga. Dziko lonse linakamba za nkhaniyo kwa masiku. Manje ganizirani munthu wopanda omulonda. Khansala alibe wapolisi pa geti, alibe galimoto ya boma, alibe mpanda wa magetsi. Amakhala m'komboni yomweyo imene anavoteredwa, amatunga madzi pa kiyosiki imodzi ndi amene anawakhumudwitsa, ndipo aliyense adziwa sukulu imene mwana wake amapita. Kuti umuopseze sufunika mfuti. Meseji imodzi usiku, yocokera pa nambala yacilendo, yochula msewu umene mkazi wake amadutsa pocoka ku msika, yakwana. Kapena anyamata anai okhala pa mlatho wa ngalande pafupi ndi nyumba yake, osakamba kanthu, tsiku ndi tsiku. Akapita ku polisi amafunsidwa ngati wamenyedwa. Akati iyai, amauzidwa kuti abwere akamenyedwa.

Cifukwa ciani munthu angaopseze khansala, amene ambiri timamuona ngati wopanda mphamvu? Tsatirani ndalama. Lamulo la misika ndi masitesheni la 2007 limapereka malo amenewa m'manja mwa makhonsolo. Koma kwa zaka zambiri ndalama za minibasi iliyonse yokweza anthu ndi za thebulo iliyonse ya tomato zinali kulowa m'matumba a makada, ndipo za ku Intercity ndi ku City Market zinali zodziwika kwa aliyense. Onjezani mapuloti. Onjezaninso CDF, imene inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo yapitiriza kukwera. Ndalama imeneyi ndiyo imamanga makalasi, imalipirira ana sukulu zogonera komweko ndi maphunziro a nchito zamanja, imapereka ngongole ku magulu a acinyamata ndi azimai. Zopempha zimayambira pa wadi, mu komiti ya citukuko imene khansala amakhalamo. Ici n'cinthu cabwino, ndipo ena a ife tili ndi abale amene anaphunzira nayo. Koma pamene pagwa nyama yaikulu, afisi samacedwa. Mpando umene kale unali wa kuyendera maliro ndi kutsegula ngalande lero uli pafupi ndi mamiliyoni, ndipo amene wakana kusaina pepala lolakwika ali ndi adani enieni.

Cinthu cimene sitikamba kawirikawiri n'cakuti ciopsezo cambiri sicicokera ku cipani cina. Cimacokera m'cipani cako comwe, panthawi yosankha amene adzaimire cipani. M'madera amene cipani cimodzi cili ndi mphamvu, wopatsidwa cikalata ca cipani wapambana kale, conco nkhondo yeniyeni imamenyedwa miyezi ingapo voti isanafike, ku maofesi a cipani, kumene kulibe oyang'anira masankho kapena makamera.

Kucokera mu 2016, malamulo a dziko amalola munthu wa zaka 19 wokhala ndi satifiketi ya giredi 12 kuima pa ukhansala. Ndiye kuti khomo lija ndi lathu, ife acinyamata. Koma tiuzeni, ndi mtsikana uti wa zaka 24 wa ku Chipulukusu kapena ku Mchini amene makolo ake angamulole kuima, ataona zimene zimacitikira ena? Akangolengeza, pa Facebook pamayamba za thupi lake, za amuna amene akuti anagona nao, kenako mameseji omuuza zimene adzamucita akamupeza yekha. Pa masankho a 2021 azimai sanafike ngakhale mmodzi pa makhansala 10 alionse. Ena amati azimai sakonda ndale. Pitani ku msonkhano uliwonse muone amene avala citenge ca cipani, amene aphika, amene aimba, amene aima pa mzere wa voti kuyambira 04:00. Ndale amaikonda. Cimene safuna ndi kuvulidwa pagulu.

Zotsatira zake n'zoonekeratu. Mphunzitsi wopuma nchito amene anthu amamulemekeza amaganiza kawiri, nati iyai. Nasi amene adziwa mavuto onse a kiliniki amati ali ndi ana ang'ono. Amene amatsala pa mpikisano ndi amene ali ndi anyamata ake, cifukwa ndiye yekha wosayopa. Akapambana afunika kuwalipira, ndipo malipiro ake ndi stesheni, msika, kapena kontrakiti ya kumanga cimbudzi cimene sicidzatha. Kenako ife tomwe timadandaula pa wailesi kuti atsogoleri athu ndi opanda nzeru, ngati kuti anzeru sanathamangitsidwe tili kuona.

Tidziwa yankho limene ena ali nalo kale pakamwa: makhansala ena ndi akuba, ndipo mantha pang'ono amawathandiza kukumbukira amene anawavotera. Za kuba n'zoona. Mu 2020 boma linaimitsa makhonsolo a Lusaka ndi Kitwe cifukwa ca nkhani za mapuloti, ndipo palibe anadabwa. Munthu amene wagulitsa bwalo la mpira la ana, kapena kugawa malo pa njira ya madzi kotero kuti mvula ikagwa nyumba zimamira, ayenera kumva mkwiyo wa anthu. Mufunseni pa msonkhano, muimbireni foni pa pulogalamu, kamusumireni ku ACC, mucotseni pa voti. Koma onani amene amapindula ndi ciwawa. Khansala wakuba ndiye ali ndi ndalama zolembera anyamata ake, conco mwala wanu sumufika. Akaopsezedwa amapeza cifukwa cabwino cosabweranso ku msonkhano wa wadi, ndipo nkhani imasintha: sitikambanso za bwalo la mpira, tikamba za windo yake yosweka. Amene mwala umamufika ndi uja wosauka amene anakana kudya nao.

Mantha nawonso amapha, ngakhale popanda cigawenga ciliconse. Tonse tikumbukira za gasi. Zinayambira ku Chingola kumapeto kwa 2019 ndipo pofika February 2020 zinali ponseponse. Tinali kugona ndi makala ndi nsalu zonyowa pafupi, anyamata anali kulonda usiku wonse ndi zibonga, mphekesera zinali kuthamanga pa foni kuposa apolisi. Anthu oposa 40 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ena kutenthedwa amoyo. Ambiri anali alendo cabe m'dera, okalamba osokera, odwala maganizo, munthu wonyamula botolo m'cikwama. Mapositi a polisi anaphwanyidwa. Zipani zinali kulozana zala, ici cikuti ndi aja, ico cikuti ndi awa. Imfa zimene tinawerenga ndi maso zinabwera ndi manja a anthu amantha. Conco mau ojambulidwa akafika okamba za zigawenga zobisala pakati pathu, tifunse kuti adzagwera ndani. Adzagwera m'bale wacisilamu wovala mkanjo amene banja lake lakhala ku Chipata kuyambira kale, wamalonda wa ku Somalia wa ku Chaisa kapena ku Ndola, wothawa nkhondo amene ali ndi kashopu pakona. Tinaona kale mu April 2016 mmene mphekesera za kupha anthu mwamiyambo zinathera pa mashopu a anthu a ku Rwanda m'makomboni a Lusaka.

Pali cifukwa cina cimene tiyenera kusamalira nalo liu lakuti cigawenga: boma lililonse limalikonda. Mu 1964, dziko lisanalandire ufulu, otsatira a Alice Lenshina a chalichi ca Lumpa anamenyana ndi asilikali ku Chinsali ndi ku Lundazi, ndipo anthu oposa 700 anafa. Mkanganowo unakula pang'onopang'ono, pakati pa a Lumpa okana makadi a cipani ndi anyamata a UNIP, uku kutenthana nyumba, uku machalichi. Pofuna kuthetsa zimenezo boma linalengeza malamulo a nthawi ya ngozi mu July 1964. Nkhondoyo inatha m'miyezi yocepa. Malamulowo anakhala mpaka 1991, zaka 27, ndipo anatsekera anthu ambiri osazengedwa mlandu amene analibe cocita ndi Lumpa. Lenshina mwini anafa mu 1978 ali wosungidwa panyumba mu Lusaka. Ngakhale posacedwa, mu 2017, a Hichilema anakhala m'ndende masiku 127 pa mlandu woukira boma cifukwa ca nkhani ya magalimoto pa msewu wa ku Mongu. Lero tili ndi lamulo lolimbana ndi ucigawenga la 2018 ndi malamulo atsopano a pa intaneti a 2025, ndipo amene ali pa mpando ndi amene analawako ndende. Sitinena kuti dziko likhale lopanda malamulo otere. Tinena kuti tikamafuula ndi mantha kuti boma licite ciliconse, limacitadi ciliconse, ndipo cida cimene lapatsidwa cimatsalira wolowa m'malo.

Ndipo kunena zoona, kuti kada woopseza khansala agwidwe sipafunika lamulo latsopano. Kuopseza munthu ndi ciwawa ndi mlandu kale mu Penal Code. Lamulo la masankho la 2016 lili ndi malangizo a khalidwe amene zipani ndi oimira ayenera kutsata, ECZ ili ndi mphamvu zolanga owaphwanya, ndipo m'maboma muli makomiti othetsa mikangano ya masankho. A Lungu anakhazikitsa bungwe lofufuza za ciwawa ca masankho mu 2016, lotsogoleredwa ndi a Justice Munalula Lisimba, ndipo lipoti lake linatuluka mu 2019. Mapepala tili nao ambiri. Cimene cimasowa ndi wapolisi amene angamange kada wa cipani colamula osayopa kuti mawa adzatumizidwa ku positi ya kumudzi. Tivomereze kuti pamene a Hichilema analamula mu August 2021 kuti makada acoke m'misika ndi m'masitesheni, mpweya unasintha. Madalaivala ndi amai a m'misika anapuma, ndipo munthu anayamba kuvala tisheti ya mtundu uliwonse m'tauni. Izi zinaonetsa kuti mau amodzi ocokera kumwamba amakwanitsa. Koma cimene cacoka ndi mau a munthu mmodzi cingabwerenso iye akangoyang'ana kumbali, ndipo madandaulo a otsutsa akuti misonkhano yao imaletsedwa kapena kusokonezedwa sanathe. Tisheti yasintha kucoka pa yobiriwira kufika pa yofiira; funso ndi lakuti kodi wapolisi uja wasintha.

Ife a mawailesi a m'madera timaona mantha amenewa pafupi. Mu 2019 makada analowa mu Power FM ku Kabwe pamene a Chishimba Kambwili anali pa mphepo, ndipo mu 2020 zofanana zinacitika ku Isoka pa pulogalamu ya a Hichilema. Wailesi ya m'dera ilibe alonda a mfuti. Ili ndi citseko ca matabwa, kompyuta imodzi, ndi mnyamata wongodzipereka amene adzayenda pansi kubwerera kunyumba 22:00 ikakwana. Conco khansala akaitanidwa pa pulogalamu ya usiku amapempha kuti alankhule pa foni. Woimba foni amakana kuchula dzina. Woulutsa amayamba kusankha mafunso osapweteka. Palibe amene wamenyedwa, palibe lipoti ku polisi, koma nkhani ya ngalande ya m'wadi mwanu yafa.

Ngati pali cimene Cabo Delgado ingatiphunzitse, si kuyang'ana nkhope zacilendo pa basi. Ofufuza ambiri amavomerezana kuti gululo linakula ndi anyamata akumeneko, a m'cigawo cosauka cimene cili pamwamba pa gasi ndi miyala ya rubi, amene anaona cuma cikudutsa iwo alibe nchito, ena atathamangitsidwa mwankhanza m'migodi ya ku Montepuez. Olalikira a maganizo oopsa anapeza nthaka yolimidwa kale. Ndipo pakati pa oyamba kusakidwa panali atsogoleri a m'midzi ndi a cipani a m'madera, anthu amene ndiwo nkhope ya boma pafupi ndi anthu. Iwo atathawa, panalibenso wokamba naye. Zambia si Mozambique, sitinakhalepo ndi nkhondo yapaciweniweni, ndipo tasintha maboma pa voti mu 1991, 2011 ndi 2021. Koma anyamata opanda nchito okhala pafupi ndi cuma ca m'nthaka tili nao, kucokera ku Copperbelt mpaka ku migodi ya golide. Anyamata ozolowera kulipidwa kuti amenye tili nao. Amene lero atenga K50 ndi botolo kuti asokoneze msonkhano waphunzira kale kuti dzanja lake lili ndi mtengo, ndipo sadzafunsa kwambiri wogula wina akabwera.

Anyamata amenewo si ocokera kumwezi. Tinaphunzira nao, timaseweretsa nao mpira, ena ndi alongo athu ndi azisuweni. Akagwidwa, bwana amene anawatuma sabwera ku Chimbokaila, amabwera amai ao ndi kapoto ka nsima. Akafa, cipani cimagula bokosi ndi kukamba mau pa manda, ndipo pakatha mwezi ana ake ali kwa agogo. Ana a bwana ali ku yunivesiti, ena kunja, ndipo simudzawaona kumbuyo kwa Canter atanyamula cikwanje.

Masankho akayandikira, ofuna mipando amayamba kuzungulira ndi zitenge. Khansala wa m'wadi mwanu, kaya ndi wa cipani cimene mumadana naco, akalandira meseji yoopseza, nkhaniyo isathere pa iye yekha ndi mkazi wake. Ipite ku polisi ndi mboni, ilembedwe m'buku, nambala yake itengedwe, ndipo a chalichi, a mzikiti ndi a komiti ya msika adziwe. Woopseza amadalira kuti munthuyo ali yekha. Mau ojambulidwa opanda dzina, opanda tsiku, opanda malo, afere pa foni yanu. Ndipo woimira aliyense akabwera kudzapempha voti, kaya pa bwalo kaya mu situdiyo, pambali pa za misewu ndi madzi tidzamufunsa za anyamata amene abwera nao: ndani amawalipira, ndi zingati pa tsiku, ndipo mmodzi wa iwo akatema munthu, kodi iye adzamupereka yekha ku polisi? Akakana kuyankha, tidzauza omvera kuti funso linafunsidwa ndipo wakana.